Mwana akuwerenga za mmene anthu otchuka anafera, ndimulande bukulo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakonda kuwerenga kuno. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 12 wabwereka buku ku laibulale ya pasukulu, bukulo mutu ndi mutu ndi nkhani za mmene anthu otchuka akalekale anafera, ndiye mwanayo sakulisiya pansi, mpaka pa nsima pomwe akukamba za magazi ndi mabala. Akufunsa kuti, ndimulande kodi? Si kulaula kumeneku?

Amayi, musamulande. Nkhawa yanu ndikuimva, ambirife tinakula tikuuzidwa kuti mwana satchula za imfa, ukangoyamba agogo amakuyang'ana diso limodzi basi iwe zii. Koma nkhani zimenezi mukaziwerenga bwinobwino mupeza kuti zambiri zikukamba za madokotala ndi mankhwala a nthawi imeneyo, ndipo apo mwana amaphunzira zinthu zomwe m'kalasi amangozimva mwachidule.

Taonani za James Garfield, pulezidenti wa America. Anamuwombera pa sitesheni ya sitima ku Washington pa 2 July 1881 koma sanafe tsiku lomwelo ayi, anakhala mpaka pa 19 September, ndipo pofunafuna chipolopolo madokotala ankapisa zala zosasamba m'bala lake, uyu akachotsa chala winanso n'kulowetsa chake, bala lija n'kuola, mafinya n'kufalikira m'thupi, munthu amene anali wojintcha n'kuwonda mpaka kutsala mafupa okhaokha. Alexander Graham Bell, wa telefoni uja, anabwera ndi kamakina kofufuzira chitsulo koma chipolopolocho madokotala anachipeza Garfield atamwalira kale. Chimene chimandipweteka ine n'choti Joseph Lister, dokotala wa ku Britain, anali atalemba kale mu 1867 za kupha tizilombo pa mabala ndi pa zida, koma madokotala ambiri ku America ankazinyoza. Mwana amene wawerenga zimenezi akadzaona namwino akusamba m'manja ndi kuvala magolovesi asanamugwire chilonda, adziwa chifukwa chake popanda womuuza.

George Washington, pulezidenti woyamba wa America, nayenso khosi linamutupa, madokotala n'kumukhetsa magazi malita oposa awiri poganiza kuti akutulutsa matenda, anamwalira pa 14 December 1799. Wasayansi Marie Curie anafa mu 1934 ndi matenda a magazi atagwira radium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, zaka zambiri wosadziteteza, mpaka lero makope ake ku Paris amasungidwa m'mabokosi a mtovu.

Ndipo ngati bukulo silinatchule za David Livingstone, muuzeni inuyo chifukwa imeneyo ndi yapafupi ndi ife. Anafera kwa Chitambo ku Zambia mu May 1873, malungo ndi kamwazi zitamufooketsa. Susi ndi Chuma, omuthandiza pa maulendo ake, pamodzi ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi analiumika ndi mchere padzuwa, n'kulinyamula wapansi miyezi yambirimbiri mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ku Tanzania, ndipo anakaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London mu April 1874. Ine ndimafuna ana athu adziwe mayina a anthu awiriwa, osangoti la mzungu yekha.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndingakuchenjezeni. Ngati pakhomo pagwa maliro posachedwa, kapena mwaona kuti mwanayo wayamba kudzidzimuka usiku, akukana kugona yekha, pamenepo lisungeni kaye bukulo kwa kanthawi ndipo mumufunse modekha chimene chikumuopsa. Ngati palibe zotere, khalani naye pakhonde madzulo akuwerengereni mutu umodzi mokweza, akafika pa mawu ovuta muthandizane. Za pa nsima zija mungomuuza kuti nkhani za mabala zimadikira mbale zikachotsedwa.