Yankho pa za madola 2,000 a heat pump pa msonkho wa ku America

Achemwali, mwafunsa kuti munaikitsa heat pump (makina a magetsi otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba) m'nyumba yanu ku Indiana mu Novembala 2025, ndipo amene anakugulitsani anati boma lidzakubwezerani madola 2,000. Tsopano mukufuna kudziwa ngati cheke chake chidzabwera chokha kapena pali poti mukalembetse. Cheke chapadera chotere palibe. Chimene chilipo ndi chakuti ndalamayo imachotsedwa pa msonkho wa boma lalikulu umene munayenera kulipira m'chaka cha 2025, ndipo mumaipempha nokha polemba mafomu a msonkho a chakacho, amene tsiku lomaliza kuwapereka linaikidwa kukhala 15 Epulo 2026. Fomu yake ndi Form 5695 ya IRS (bungwe lotolera misonkho ku America), imene imaphatikizidwa ku Form 1040, fomu yaikulu ya msonkho wanu.

Dongosololi linakulitsidwa ndi lamulo la Inflation Reduction Act, limene Pulezidenti Biden anasaina mu Ogasiti 2022, ndipo anthu a misonkho amalitchula kuti 25C. Kuyambira 2023, munthu ankaloledwa kuchotsa 30 peresenti ya ndalama zimene wawononga, kuphatikizapo malipiro a amisiri oika makinawo, koma pa heat pump malire ake anali madola 2,000 pa chaka. Ngati zonse zinakudyerani madola 9,000, ndiye kuti 30 peresenti yake ndi 2,700, koma mudzaloledwa 2,000 basi. Makina oziziritsa nyumba yonse, kapena furnace (makina otenthetsa nyumba) ya gasi yosawononga mafuta, malire ake anali madola 600 chimodzi, ndipo zimenezo zinkalowa m'gulu lina limene malire ake onse anali 1,200 pamodzi ndi mawindo, zitseko ndi zotsekera kutentha m'makoma. Mukaphatikiza magulu awiriwa, pa chaka munthu sankadutsa madola 3,200.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa, ndipo ogulitsa sakonda kupanena. Ndalama yochotsedwa pa msonkhoyi, imene amaitcha credit, imangofika pamene msonkho wanu wa chaka wathera, siipitirira. Tiyerekeze kuti mutawerengera zonse, msonkho wanu wa 2025 ndi madola 1,300. Mudzachotsa 1,300 yokhayo, ndipo 700 yotsalayo yapita, simungaisungire chaka chamawa. Izi zimakhudza kwambiri ife amene timagwira ntchito za malipiro apakatikati, makamaka ngati tili ndi ana amene akutichepetsera kale msonkho. Koma musasokoneze msonkho wa chaka ndi ndalama imene mumawonjezera mu Epulo. Ngati abwana anu ankadula msonkho pa malipiro anu chaka chonse, ndalama yodulidwayo ndi imene imabwerera m'thumba mwanu credit ikachotsedwa, choncho ngakhale munthu amene amalandira refund (ndalama yobwezedwa ya msonkho) chaka chilichonse akhoza kupindula, bola msonkho wake usakhale ziro.

Chachiwiri choti muonetsetse ndi makinawo. Si heat pump iliyonse imene ikuyenera, koma yokhayo imene ikufika pa mlingo wapamwamba umene bungwe la Consortium for Energy Efficiency linaika. Ine ndinaikitsa yanga mu 2024, ndipo risiti imene anandipatsa inali ndi mzere umodzi wokha, wa mtengo wonse, popanda nambala ya makina akunja kapena am'kati. Ndinachita kutsika ndi tochi m'chipinda chapansi kukajambula kachitsulo kolembedwa manambala, kenako kuzungulira kuseri kwa nyumba m'chisanu kukajambula kenanso, ndipo kampaniyo inanditumizira chikalata cha opanga makinawo patapita masabata atatu ndikuimba foni. Inu musadikire mpaka Epulo kuti muyambe kulondola zimenezi. Komanso pa zoikidwa mu 2025 pali chinthu chatsopano chimene ine sichinandikhudze: fomu ikufuna nambala ya kampani yopanga makinawo, ya zilembo zinayi, imene amaitcha QMID. Afunseni amene anakuikirani, kapena muiyang'ane pa tsamba la intaneti la opangawo. Ngati kampani ya magetsi inakuchotserani ndalama pa mtengo wa makinawo, kawirikawiri ndalama imeneyo imayamba yachotsedwa musanawerengere 30 peresenti ija.

Mwachita mwayi ndi mwezi umene munaikitsa. Lamulo limene Pulezidenti Trump anasaina pa 4 Julaye 2025 linadula dongosololi, limene poyamba linayenera kufika mpaka 2032, moti makina alionse amene anayamba kugwira ntchito pambuyo pa 31 Disembala 2025 sakuwerengedwanso. Chimene amayang'ana ndi tsiku limene ntchito yoika inatha, osati tsiku limene munalipira. Bambo a m'gulu muno amene ananena kuti analipira mu Disembala koma amisiri anabwera mu Januwale, pepani, pa 25C mwachedwa. Chimodzimodzi amene akuganiza zogula pambuyo pa 2025: wogulitsa akakuuzani za madola 2,000 a boma lalikulu, dziwani kuti akukuuzani nkhani yakale. Zimene zingatsale ndi zochotsera za boma la dera lanu kapena za kampani ya magetsi, ndipo zimenezo muzifunse padera musanasaine pepala lililonse.

Mwanena kuti nyumbayo ndi yanu ndipo mumakhalamo, choncho mbali imeneyo mulibe vuto. Amene anaika makina m'nyumba yochititsa lendi imene iwo sakhalamo saloledwa, ndiponso nyumba yomangidwa kumene siiwerengedwa. Kwa ena m'gulu muno amene anaikitsa mu 2023 kapena 2024 n'kuiwala kupempha, khomo silinatsekeke, chifukwa mukhoza kukonza mafomu a chaka chimenecho ndi Form 1040-X pasanathe zaka zitatu kuchokera pamene munawapereka. Ngati amakulemberani msonkho ndi munthu wina, mupite ndi risiti, chikalata cha opanga ndi QMID m'manja, ndipo musanasaine muone ndi maso anu kuti Form 5695 ilimo, chifukwa wolembayo sangadziwe za heat pump yanu ngati inu simunamuuze.