Funsani Makaniko: Zitsulo za m'shedi ya agogo

Funso

Bambo Makaniko, agogo anga aamuna anayendetsa thirakitala zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo popuma ntchito mabwana awo anawagulitsa thirakitalayo motchipa. Agogowo anatisiya chaka chatha. Thirakitala ikadali m'shedi, ndi yaing'ono, yofiira, koma pamene penti yasupuka pakuoneka potuwa. Pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi chiwongolero palembedwa TED, kenako manambala 6 oyamba ndi 33. M'shedi momwemo muli sipanala ya kukamwa kuwiri yokhala ndi timizere ngati rula, handulo, chitsulo chachitali cha mabowo 9, nyali ziwiri, pule yaikulu, jeke ya botolo, mpando wa siponji, ndi chimango china cha zitsulo chimene agogo aakazi amayanikapo matumba. Anyamata ogula zitsulo zakutha abwera kawiri, ndipo amalume akuti tigulitse chilichonse chimene sichili pa thirakitala penipeni. Ine mtima sukundilola. Kodi pa zimenezi ndi ziti zinabwera ndi thirakitalayi?

Mdzukulu, Thyolo

Yankho

Mayi, pepani ndi maliro a agogo. Choyamba, apempheni amalume mwaulemu kuti ayambe adikira, chifukwa pa zimene mwatchulazi pali zina zoti zikangokwera pa sikelo simudzazipezanso.

Mwachita bwino kuwerenga kachitsulo kaja. Thirakitala yanu ndi Ferguson ya mtundu wa TE20, imene inkapangidwa mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo anapanga zopitirira theka la miliyoni. Zilembo za TED zikutanthauza kuti injini yake inkalira ndi petulo, ikatentha woyendetsa n'kutembenuza kampopi kuti iyambe kumwa palafini wa mathirakitala. Mukatsegula boneti mupeza thanki ya zipinda ziwiri. Thirakitala ya petulo yekha ankailemba TEA, ya dizilo TEF. Manambala a chaka cha 1953 anayambira cha m'ma 310,000 ndipo a 1954 cha m'ma 368,000, choncho yanuyo ndi ya 1953. Kutuwa mukukuonako ndiye khungu lake lenileni. Kufiira kunabwera ndi mathirakitala a pambuyo pake, kampani ya Harry Ferguson italumikizana ndi ya Massey-Harris, ndipo anthu ambiri anapaka zakale penti yofiira kuti zioneke ngati zatsopanozo.

Sipanala ija itengeni lero lomwe, mukaisunge m'nyumba. Imene ija ndi ya thirakitalayi, ndipo ndi yomwe imasowa kwambiri chifukwa imakwana m'thumba la ovolosi. Harry Ferguson ankafuna kuti mlimi asamayende ndi bokosi lodzaza zida, ndiye manati ndi mabawuti amene munthu amawagwiragwira pa thirakitala ndi pa makasu ake anawapanga a masaizi awiri okha. Kukamwa kumodzi ndi 11/16 ya inchi, kwinako ndi inchi imodzi ndi 1/16. Timizere mukuti ngati rula tija ndi mainchesi. Woyendetsa ankayezera kuya kwa mzere umene khasu ladula, komanso ankaviika m'thanki kuti aone mafuta atsala ochuluka bwanji, poti thirakitalayi ilibe geji ya mafuta. Ndili wophunzira ntchito, mkulu amene ankandiphunzitsa ankaimangirira ndi chingwe cha nkhosi ya ovolosi yake. Akaitulutsa m'thanki ankaipendekera padzuwa, n'kuloza ndi chikhadabo pamene pathera kunyowa, kenako n'kuipukutira pa ntchafu. Yeserani nokha: ilowetseni pa manati a thirakitalayo. Ikagwira bwinobwino osagwedera, uku pa aang'ono uku pa aakulu, musafunsenso munthu.

Handulo nayo ndi yake ngati ikulowa pa bowo la kutsogolo pansi pa redieta n'kukola injini. Thirakitalayi ili ndi sitata, imene imalira mukakankhira ndodo ya giya pa chilembo cha S, koma handulo inkabwera nayo kuti batire ikafooka ntchito isaime.

Chitsulo cha mabowo 9 ndi chokokera. Chimapingasa kumbuyo, nsonga zake n'kulowa m'timipira ta kumapeto kwa mikono iwiri imene imanyamula khasu. Chimenechi sichiyenda chokha. Fufuzani m'shedimo zitsulo ziwiri zafulati zokhala ndi mabawuti pakati, zoti zimatha kutalika ndi kufupika. Zimachoka kumapeto kwa chokokeracho kukakumana pamwamba, kuseri kwa mpando, ndipo ntchito yake ndi kuchigwira kuti chisakwere. Anthu amaziona ngati zidutswa wamba n'kuzisandutsa mipiringidzo ya chitseko cha khola. Mukazipeza zopindika musadabwe. Zimapindika munthu akaiwala kuti zilipo n'kukoka kandodo konyamulira khasu. Ine ndinapindapo ziwiri tsiku langa loyamba kukoka ngolo ya nkhuni, ndipo ndinakhala masana onse ndikuziwongola ndi nyundo.

Tsopano chimango cha agogo aakazi. Ndikukupemphani muchotse matumbawo, muchikolope, muchione bwino. Ngati chili ndi malo awiri okhala ngati timipando pamwamba, ndi timikono tokhala ndi mapini oti n'kulowa m'timipira tija, mwapeza jeke ya Ferguson. Jeke imeneyi ilibe chopopera. Mumailowetsa pansi pa ekiselo ya kumbuyo, n'kuikoleka ku mikono yonyamulira khasu, kenako kulizitsa injini ndi kukoka kandodo. Thirakitala imadzinyamula yokha, matayala n'kulendewera m'malere. Imakhalanso ndi kachimango kena kakang'ono ka kutsogolo, ndiye yang'anani m'makona monse. Ankaifuna kwambiri posintha kutalikirana kwa matayala kuti agwirizane ndi mizere ya m'munda. Sikuti thirakitala iliyonse inkabwera nayo, mwini ankachita kuigula padera, n'chifukwa chake ndi yosowa kuposa thirakitala imene. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi ndaonapo zathunthu zitatu zokha, ndipo imodzi ndinaipeza anthu ataikapo mbiya ya madzi. Amene sanaione ikugwira ntchito sangaganize n'komwe kuti ndi jeke. Koma musalole mwana aliyense kuiyesa popanda makaniko, komanso munthu asalowe pansi pa thirakitala imene yangolendewera pa mphamvu ya oyilo.

Pule nayo inkagulidwa padera. Imamangidwa kumbuyo pa shafiti yopalasa makina, ndipo ndi lamba inkayendetsa macheka, pampu kapena chigayo. Apa muyeso ndi umene ungakuuzeni zoona. Shafiti ya TE20 ndi yonenepa inchi imodzi ndi 1/8, pamene ya mathirakitala a pambuyo pake monga Massey Ferguson 135 ndi inchi imodzi ndi 3/8. Pule ikakhala yogwedera pa shafitiyo, ndiye kuti inachoka pa thirakitala ina ya pa esiteti.

Nyali sizinkabwera ndi thirakitala yochokera ku fakitale, wofuna kulima usiku ankagula. Pukutani galasi ndi chigoba chake muone dzina. Mukapeza Lucas kapena Butlers, zikhoza kukhala za nthawi imeneyo. Zikakhala za pulasitiki, kapena zomangidwa pa kachitsulo kowotcherera, ndi za galimoto zimene wina anaikapo.

Jeke ya botolo ndi mpando wa siponji si zake. Mpando weniweni ndi wachitsulo, wonga beseni losaya, wokhala pa chitsulo chopindika chimene chimanepa thirakitala ikamadumpha. Komabe mpando wa siponjiwo ine sindingautaye. Munthu amene wakhala pa chitsulo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka, chaka ndi chaka, ndiye amadziwa chifukwa chimene anaufunira, ndipo umenewo ndi umene agogo anu ankakhalapo.

Simunatchule khasu, koma ngati lilipo, funani kachitsulo kokhomedwa pa chimango chake kolembedwa dzina la Ferguson ndi nambala. Makasu ambiri kachitsuloko kanakwiririka ndi penti. Musapale ndi mpeni kapena sandipepa, mungafufute manambala. Nyowetsani kansalu ndi palafini, muzipukuta pang'onopang'ono.

Muyang'anenso chitsulo chachitatu cholumikizira khasu, chimene chimakhala pamwamba pa mikono iwiri ija, pamodzi ndi mapini ake ndi timaunyolo tiwiri timene timaletsa mikono kumenya matayala. Chenicheni ndi cha zitsulo ziwiri zafulati zomangidwa ndi mabawuti, osati chozungulira chokhala ndi mazinga ngati cha masiku ano. Ndipo aliyense amene adzayendetse thirakitalayi mumuuze kuti asamangirire unyolo pamalo apamwambawo pofuna kuzula chitsa kapena kukoka galimoto yotitimira. Thirakitala imeneyi ilibe chotchinga woyendetsa, ndipo ikakokera pamwamba imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada munthu asanaponde kilatchi.

Anyamata a sikelo akabweranso, jeke ya botolo mukhoza kuwapatsa ngati ndi yakufa. Zina zonsezo muzipake oyilo wakutha, muziike pa matabwa kuti zisakhudze dothi, ndipo shediyo muikhome loko. Mukatha kujambula chimango chija mbali zonse, tumizani zithunzizo kuno ku magazini, ndikufunitsitsa nditachiona.