Mafunso a awerengi: mukatsika ndege ku OR Tambo, mukafika bwanji m'tauni ya Joni?

Funso: Ndimachita geni ya zovala ku Limbe. Zaka zonsezi ku Joni ndakhala ndikupita pa basi, koma ulendo uno ndikwera ndege ndipo ikatera masana. Ndikufuna kukafika ku Park Station chifukwa malo amene ndimagona ali kufupi ndi kumeneko. Anzanga akuti ndikwere sitima. Ndikaipeza pati, ndipo ndikalipira bwanji? (Mayi wa ku Limbe)

Yankho: Mayi, anzanuwo akuuzani zoona. Kwa munthu amene ali yekha, watera masana ndipo alibe katundu wambiri, sitima yothamanga yotchedwa Gautrain ndi imene ingakuchitireni bwino. Koma dziwiranitu kuti sitima yochokera pa bwalo la ndege siifika ku Park. Imathera ku Sandton, ndipo kumeneko muyenera kusintha.

Mukadinditsa pasipoti n'kutenga chikwama chanu, mutulukira m'chiholo chachikulu cholandirira alendo. Musatuluke panja. Siteshoni ya sitima ili m'mwamba mwa nyumba yomweyo, pakati pa Terminal A ndi Terminal B. Tsatirani zikwangwani zolembedwa kuti Gautrain, mukwere chikepe kapena masitepe oyenda okha.

M'sitima mulibe kondakitala wolandira ndalama. Mumagula khadi la Gautrain pa windo kapena pa makina a pakhoma, n'kuikamo ndalama za ulendo. Khadi la ku banki la Visa kapena Mastercard lija longogunditsa pa makina limalolanso, koma makadi a mabanki a kwathu nthawi zina amakana kunja ngati simunauze banki kuti mukuyenda, choncho sungani ma rand m'manja. Mtengo umakwera pafupifupi chaka chilichonse. Konzani ndalama yoposa R200 pa ulendo umodzi, kuphatikizapo ya khadi lenilenilo. Khadilo mumaligunditsa pa geti polowa, n'kuligunditsanso potuluka kumene mwatsikira. Likhale lomwelo. Mukalowa ndi lina n'kutuluka ndi lina, makina amaona ngati ulendo sunathe ndipo amakudulani ndalama yochuluka. Khadi limodzi n'la munthu mmodzi, silolowetsa anthu awiri.

Kuchoka pa bwalo kukafika ku Sandton ndi mphindi pafupifupi 15. M'njira sitima imaima ku Rhodesfield ndi ku Marlboro. Ku Rhodesfield zitseko za mabogi a anthu ochokera ku ndege sizitseguka, ndiye musadabwe kapena kuyamba kumenya chitseko. Mukafika ku Sandton musatuluke pa geti. Funani pulatifomu ya sitima yolembedwa kuti Park, osati Hatfield, chifukwa ya Hatfield ikupita nanu kumpoto, ku Pretoria. Ya ku Park imaima kamodzi kokha, ku Rosebank, ndipo pakatha mphindi zosakwana 10 mwafika. Ulendo wonse, kuphatikiza kudikira, suposa ola.

Pamene pafunika maso ndi potuluka. Siteshoni ya Gautrain ili pansi pa nthaka, cha ku msewu wa Wolmarans, ndipo si holo ija munazolowera potsika basi ngakhale zayandikana. Foni ikhale m'kati mwa chikwama, osati m'manja, ndipo njira muidziwiretu musanatuluke. Munthu woima pakona ndi sutikesi uku akuyang'ana mapu pa foni, matsotsi amamuonera patali. Ngati kumene mukugona kuli kopitirira misewu iwiri kapena itatu, pemphani a pamalopo adzakutengeni, kapena itanani galimoto muli m'kati.

China chaching'ono: m'sitimamo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda amalipiritsadi. Mandasi a pa ulendo adikire.

Funso: Ndege yanga ikatera usiku, cha m'ma 9 koloko. Sitima ndikaipeza? (Bambo wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Musaidalire, bambo. Gautrain siyenda usiku wonse, imaweruka cha m'ma 9 koloko momwemo, ndipo inu mukamadzamaliza mzere wa pasipoti ndi kudikira katundu ola lidzakhala litapita. Wotchi simusintha, nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Njira zanu ndi ziwiri: galimoto yoitanitsa pa foni monga Uber kapena Bolt, kapena kugona pa imodzi mwa malo ogona a ku Kempton Park, tauni imene bwaloli lili, n'kulowa mu Joni kutacha. Ambiri mwa malowa amadzatenga alendo awo pa bwalo, ingowauzani nambala ya ndege. Ngati adiresi yanu ili m'katikati mwa tauni, monga ku Hillbrow kapena cha ku Park, ife tingasankhe kugona ku Kempton Park. M'misewu imeneyo munthu wachilendo satsikamo ndi katundu pakati pa usiku.

Funso: Ndamva kuti pa bwalo pali a Uber abodza. Ndingawazindikire bwanji? Tili anthu anayi a banja limodzi. (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Yankho: N'zosavuta: aliyense wokuyandikirani m'holo n'kumati "Uber? Taxi?" si amene mukufuna. Dalaivala weniweni safunafuna makasitomala pakhomo, amabwera chifukwa mwamuitana pa foni. Ena amafika poonetsa foni yokhala ndi chizindikiro cha kampani, ena amavala zonyezimira ngati antchito a pa bwalo. Mukakwera, mtengo umatuluka wina mukafika, ndipo zikaipa kwambiri amakulandani katundu.

Chitani izi. Pulogalamu ya Uber kapena Bolt iikeni pa foni mudakali kumudzi, chifukwa polembetsa imatumiza nambala yachinsinsi pa uthenga, ndipo laini ya kwathu mwina singalandire muli kunja. Pa bwalo pali Wi-Fi yaulere, koma imathera pakhomo, choncho ndi bwino kugula laini ya Vodacom kapena MTN m'masitolo a m'holo momwemo. Adzafuna pasipoti, chifukwa lamulo lawo lotchedwa RICA limafuna kuti laini iliyonse ilembetsedwe. Mukaitana galimoto, pitani pamalo amene pulogalamuyo yakuuzani. Magalimoto amenewa ali ndi malo awoawo okwezera anthu, ndipo zikwangwani zake zimalembedwa kuti e-hailing. Galimoto ikafika yerekezani zinthu zitatu ndi zimene zili pa foni: nambala yake, mtundu wake, ndi nkhope ya dalaivala. Musayambe ndinu kutchula dzina lanu, mufunseni iye kuti wabwerera ndani. Akakuuzani kuti muzimitse ulendo pa foni kuti mugwirizane mtengo pambali, tsikani, pakuti mukatero palibenso wodziwa kumene muli.

Poti muli anayi, galimoto ikupulumutsirani ndalama. Pa sitima aliyense amalipira yake, ndiye anthu anayi mwaposa R800, pamene galimoto imodzi yopita m'tauni, mtunda wa makilomita pafupifupi 25, siifika pamenepo kawirikawiri. Itanani yaikulu ngati masutikesi ali oposa atatu, chifukwa timagalimoto totchipa tija buti yake ndi ya zikwama ziwiri basi. Msewu ukakhala wabwino ndi mphindi 30. Koma m'mawa anthu akupita ku ntchito, kapena madzulo kuyambira 4 koloko, makamaka Lachisanu, magalimoto amathinana pa Gillooly's pamene R24 imakumana ndi N3 ndi N12, ndipo ulendo ungapose ola. Nthawi ngati zimenezo mtengo wa pa foni umakweranso.

Funso: Mchimwene wanga adzanditenga pa galimoto yake. Pali choopa? (Mtsikana wa ku Mangochi)

Yankho: Chilipo chimodzi chodziwika bwino: achifwamba amene amatsatira galimoto kuchokera pa bwalo mpaka pa geti ya nyumba. Amasankha anthu amene aonetsa ndalama. Ngati mukusintha ndalama pa bwalo, sinthani zochepa zokwanira tsiku limodzi, muziwerengere pa windo pomwepo n'kuzisunga musanatembenuke. Makwacha musavutike kuwanyamula, kumeneko n'kovuta kupeza wowasintha, tengani ma rand kapena madola. Achimwene anuwo aziyang'ana pa galasi, ndipo akaona galimoto imodzimodzi ikukhota kulikonse kumene akhota, asapite kunyumba, alowe pa polisi kapena pa malo omwetsera mafuta pamene pali anthu ndi magetsi.

Funso: Nanga ma minibasi otchipa kulibe? (Mnyamata wa ku Kasungu)

Yankho: Alipo, ndipo kumeneko ndi amene amawatchula kuti taxi, choncho mawuwa asakusokonezeni. Antchito a pa bwalo amakwera amenewo kudzera ku Kempton Park. Koma muyenera kusintha, kudziwa zizindikiro za zala zoimitsira, ndipo chikwama chachikulu mumachilipirira mpando. Pa ulendo woyamba asiyeni.

Funso: Ine ndikupita ku Pretoria, osati ku Joni. Ndikafike kaye ku Sandton? (Mayi wa ku Zomba)

Yankho: Ayi mayi, kumeneko n'kuzungulira. Tsikani ku Marlboro, mukwere sitima yopita ku Hatfield. Imaima ku Midrand, ku Centurion, kenako ku Pretoria. Ngati mukupita kumene kuli yunivesite ndi maofesi ambiri a akazembe, tsikirani ku Hatfield komwe sitima imathera. Loweruka ndi Lamlungu sitima zimatalikirana, mwina mpaka mphindi 30, ndipo mabasi ambiri a Gautrain otenga anthu pa masiteshoni sayenda, ndiye uzanitu wodzakutengani.