Musaike GlusterFS pa maseva awiri a m'matauni osiyana

Achimwene, ngati mukuganiza zoika GlusterFS kapena Ceph, mapulogalamu osunga mafayilo pa maseva angapo nthawi imodzi, kuti muzigawana mafayilo a ku ntchito, chonde musayerekeze. Muli anthu 6 okha, wina ku Lilongwe, wina ku Mzuzu, wina ku Johannesburg. Ceph ndi GlusterFS anazipangira maseva okhala chipinda chimodzi, olumikizana ndi waya wothamanga wa 10 Gbps. Ceph payokha imafuna ma monitor atatu (mapulogalamu oyang'anira maseva onsewo), ndipo chilichonse imachisunga katatu. Pa intaneti yathu yodukaduka ija mudzalira.

Choopsa kwambiri ndi GlusterFS ya replica 2, pomwe fayilo iliyonse imasungidwa pa maseva awiri. Netiweki ya pakati ikaduka, maseva awiriwo saonananso, koma iliyonse imapitiriza kulandira mafayilo. Wa maakaunti asintha fayilo ya malipiro kuno, mnzake asintha yomweyo uko. Netiweki ikabwerera, mukatsegula fayilo ija, kompyuta ingoti "Input/output error". Mulemba gluster volume heal dzina info split-brain, mndandanda wa mafayilo osemphana pa maseva awiriwo ungotsika osatha. Seva sidziwa kuti yoona ndi iti. Musankhe ndinu, imodziimodzi, kaya ndi latest-mtime (yomaliza kusinthidwa) kaya bigger-file (yaikulu), ndipo mukasankha ya uyu, zimene analemba mnzakeyo zapita. Apo n'kuti ali mathero a mwezi, anthu akudikira malipiro, foni ikungolira.

Amene amandikwiyitsa ndi aja amabwera kudzakuikirani zimenezi. Alandira ndalama zawo, sanakuuzeni za arbiter (seva yachitatu yothandiza kudziwa fayilo yoona), UPS (batire yothandiza magetsi akazima) sanaike, sanayese n'komwe kuzimitsa seva imodzi kuti aone chichitike n'chiyani. Zikavuta muwaimbire, foni satenga. Amenewa akuononga ntchito za anthu.

Tengani seva imodzi basi, VPS (seva yobwereka pa intaneti) kapena kompyuta ya mu ofesi yokhala ndi UPS ndi ma disk awiri pa ZFS mirror (onse awiri amasunga zofanana). Ikanipo Nextcloud kapena Seafile, mapulogalamu ofananitsa mafayilo a pa seva ndi a pa malaputopu. Aliyense amakhala ndi mafayilo pa laputopu yake, amagwira ntchito ngakhale netiweki palibe. Seafile imatumiza tizidutswa tokha tomwe tasintha, choncho bandulo sitha msanga. Ngati seva simukuifuna, Syncthing ilipo, yofananitsa mafayilo pakati pa makompyuta okhaokha, koma yatsani File Versioning (yosunga mafayilo akale) tsiku loyamba, chifukwa imabwera yozimitsa, ndipo wina akafufuta foda mwangozi imafufutika kwa onse. Database ya SQLite kapena Access musaiike mu foda yotereyi, imaonongeka. Code ipite ku Git. NFS (kutsegula foda ya pa seva ngati ili pa kompyuta yanu) yodutsa pa WireGuard (njira yobisika yolumikizira makompyuta pa intaneti) ayi, netiweki ikagwa kompyuta imangouma.

Usiku uliwonse pulogalamu ya restic itumize backup (kope yosungira) kumalo ena, ndipo kamodzi pa mwezi bwezeretsani fayilo imodzi muone ngati ikutsegukadi.

Koma ngati mwaumirira, GlusterFS yomweyo imagwira bwino ndithu mukaika replica 3 arbiter 1 (maseva awiri osunga mafayilo ndi arbiter mmodzi), maseva onse atatu mu data centre imodzi. Kungoti kampani ya Red Hat inasiya kuthandiza Gluster Storage yake kumapeto kwa 2024, ndiye zikavuta mudzakonza nokha.