Mwana wachiwiri ali m'njira: Toyota 86 ipite, koma Range Rover ndi ya ndani?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe. Ali ndi Toyota 86, mayi akunyumba ndi oyembekezera mwana wachiwiri, ndiye akufuna kuigulitsa n'kuitanitsa Range Rover Sport kapena BMW X5 ya zaka ngati khumi. Funso lawo ndi lakuti pa ziwirizi yabwino ndi iti. Kumapeto analemba kuti, "Mtima ukundiwawa, koma banja ndi loyamba."

Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndikuyankheni bwinobwino, chifukwa ululu umenewo ndikuudziwa.

Ine yanga inali Nissan Fairlady Z, yomwe kwina amaitchula kuti 350Z. Mipando iwiri basi, injini ya V6 ya malita 3.5, mphamvu zonse zikupita ku matayala akumbuyo. Ndinaigula ndisanakwatire, ndi ndalama zomwe ndinasunga movutikira, ndipo abale ambiri sanamvetse. Ankati galimoto yanji yosanyamula ngakhale thumba la chimanga. Koma munthu amene sanakhalepo pansi penipeni chonchija, miyendo itatambasuka kutsogolo, chiwongolero chikukuuza kamwala kalikonse kamene tayala laponda, sangamve zimene tikunenazi. Loweruka m'mamawa ndinkatenga msewu wa ku Salima anthu asanadzuke, kutsika makona aja dzuwa likutuluka kunyanja, n'kukamwa tiyi ku Senga Bay. Sikuti ndinkathamanga mopenga ayi. Chimene ndinkakonda ndi momwe galimoto ija inkamvera, ukaganiza zokhota iyo yakhota kale. Inu a 86 mukuzidziwa bwino, chifukwa Toyota ndi Subaru pamene ankaitulutsa mu 2012 sanafune mphamvu zambiri, anangoika injini ya malita 2 yogona chafufumimba pansi kwambiri kuti galimoto ikhale yopepuka ndi yomvera.

Kenaka mwana wathu wachisamba anabadwa. Tsiku lotuluka kuchipatala panali khanda, mayi ake, apongozi anga omwe anabwera kudzadikirira, beseni, zitenje, fulasiki, chikwama cha matewera. Ndinakabwereka galimoto kwa alamu anga. Kusikelo chimodzimodzi, kutchalitchi chimodzimodzi. Akazi anga sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi kuti gulitsani, ndipo kusanena kwawoko n'kumene kunkandilemera kwambiri, chifukwa ndinkawaona akukwera minibasi ndi mwana kumsana galimoto ili pakhomo yofundidwa. Chimene chinamaliza nkhani ndi agogo a mwanayo kumudzi kwathu ku Ntchisi, omwe ankafuna kuona mdzukulu koma miyendo inali itawakana. Inali nthawi ya dzinja. Msewu wafumbi wolowera kwathu mvula ikagwa umakumbika mizere iwiri yakuya, pakati n'kutsala chitunda, ndipo galimoto yotsika ngati ija ikanangokhala pamimba. Ndinaigulitsa kwa mnyamata wina wosakwatira. Kwa nthawi yaitali ndikamva kulira kwa V6 mumsewu ndinkatembenuka. Choncho aliyense wokuuzani kuti n'chitsulo chabe, musamumvere. Mukusiyana ndi gawo la unyamata wanu, ndipo zimapweteka.

Ndiye pa zogulitsa 86 ndikugwirizana nanu. Mipando yakumbuyo ilipo, koma mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo ukauikamo, wakutsogolo umakankhidwira ku dashibodi, ndipo kulowetsa khanda logona podzera pachitseko chimodzi msana utapindika si ntchito yoti mayi amene angochira kumene azichita. Ndi ana awiri ndiye sizitheka n'komwe. Pansi pake ndi masentimita pafupifupi 13 kuchoka pamsewu, mabampu a m'tauni muno mumawadutsa chopingasa.

Koma pamene mwati Range Rover Sport kapena X5 chifukwa "banja ndi loyamba", apa ndiye ndikutsutsani, ndipo ndikutsutsani monga mbale. Banja lapempha zitseko zinayi, malo a mipando iwiri ya ana, buti yolowa kanjinga ka mwana ndi katundu wa kumsika, ndi galimoto yodzuka m'mawa uliwonse. Khanda silidziwa kuti lagona pampando wachikopa. Amene akufuna Range Rover ndi inuyo. Mwazolowera kuti mukamadutsa anthu amacheuka, ndipo mukuopa kuti mukakwera Sienta mudzangosowa pakati pa magalimoto enawo pa mzere wa kusukulu. Mantha amenewo ndi enieni, nanenso ndinali nawo, koma atchuleni dzina lake, musawasenzetse mwana amene sanabadwe.

Opanga magalimoto anatidziwa kalekale anthu ngati ife. BMW inatulutsa X5 mu 1999. Porsche, kampani yomwe dzina lake lonse linali pa 911, galimoto yake yotsika yaliwiro, inatulutsa Cayenne, yaikulu yokwera m'mwamba, mu 2002, anthu okonda mtunduwo anakwiya, koma lero magalimoto okwera m'mwamba ngati amenewa ndi amene Porsche imagulitsa kwambiri. Range Rover Sport inabwera mu 2005, Lamborghini inatsatira ndi Urus, ngakhale Ferrari inagonja mu 2022 ndi Purosangue. Onsewa akugulitsa lonjezo limodzi kwa bambo amene banja lakula: kuti unyamula ana koma sutaya kanthu. Lonjezo limenelo silikwaniritsika. 86 yanu imalemera makilogalamu pafupifupi 1,250. Zimene mukuzifunazo zimapitirira matani awiri, ndipo thupi lonselo lili pamwamba. Zimathamanga kwambiri pamsewu woongoka, mwina kuposa 86, koma pakona mudzamva kuti makompyuta akulimbana ndi kulemera, ndipo kukoma kuja kwa chiwongolero simudzakupezamo. Mudzalipira ndalama zambiri kugula chinthu chimene sichikubwezerani chomwe mwataya.

Ndalamazo tizikambe. Mnzanga wina wakuntchito anagula galimoto yaikulu yapamwamba ya ku Ulaya, ya zaka zofanana ndi zimene mukunenazi. Miyezi yoyamba tonse tinkaisirira. Tsiku lina m'mawa anaipeza itagwada mbali imodzi. Magalimoto ambiri a mtundu umenewu sakhala pa masipuling'i achitsulo, amakhala pa matumba a labala opopedwa mpweya ndi kompulesa. Labala ikakalamba imang'ambika, mpweya umatuluka, kompulesa imagwira ntchito osapuma mpaka nayonso kupsa. Galimoto ya zaka khumi imafika kuno nthawi yokalamba ya zinthu zimenezi itakwana ndendende, ndipo mwini wake woyamba anaigulitsa akudziwa. Ku Biwi masipeya ake sanapezeke, ku Ndirande sanapezeke, kunali koitanitsa ku Johannesburg, ndipo ndalama zakunja kubanki kunalibe. Galimoto inakhala pagalaja nyengo yonse ya mvula, akazi ake akuperekeza ana kusukulu pa kabaza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kumbukirani kuti chilichonse cha pagalimoto yotere chimagulidwa ndi dola kapena randi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, koma malipiro a ambiri a ife sanakwere choncho. Tayala la mainchesi 20 kapena 21 lili ndi labala yopyapyala, dzenje limodzi la pa M1 usiku limatha kuphulitsa tayala n'kupinda limu nthawi imodzi. Msonkho wa MRA umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto, ndiye injini ya malita 3 ya zaka khumi ikafika pa Songwe mtengo umene munauona pa intaneti umakhala chiyambi chabe. Inshuwalansi yolipira galimoto yanu ikawonongeka imawerengedwa pa mtengo wa galimoto. Za mizere ya mafuta sindikufunika kukukumbutsani, tonse tagonapo pa filing'i sitesheni. Thanki ya 86 ndi ya malita 50, zazikuluzi zimafuna pafupifupi 80 kapena kuposa, ndipo zimamwa msanga. Mukasankha ya dizilo ya ku Ulaya, ili ndi sefa ya utsi yomwe imafuna maulendo ataliatali kuti idziyeretse; yongoyenda kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre imatsekeka.

Pali china chimene anthu a m'mayiko opanga magalimotowa sachiganizira. Kwathu kuno galimoto yaikulu si ya mwini wake yekha. Fairlady yanga palibe anaibwerekapo, inalibe ntchito kwa wina aliyense. Tsiku limene ndinagula ya zitseko zinayi, foni inayamba kulira: maliro ku Dowa, chinkhoswe ku Kasungu, wodwala wofunika kupita naye ku Kamuzu Central usiku. Sindidandaula nazo, ndi mmene timakhalira, ndipo ena mwa maulendo amenewo ndimawanyadira. Koma ya Range Rover ikafika kumudzi imalankhulanso zina. Imauza amalume ndi azakhali kuti mwana wathu zake zinayera, ndipo fizi ya adzukulu, feteleza ndi malata zidzabwera pa inu molingana ndi galimotoyo, osati molingana ndi ngongole imene mwatenga kuti muigule. Mudzakana bwanji mutatsika m'galimoto yotero?

Za chitetezo cha ana

Ambiri amati yaikulu ndiyo yoteteza. Pangozi ya magalimoto awiri, zoonadi amene ali mu yolemera amapindula. Koma yaitali imagubuduka msanga kuposa yotsika, ndipo ili ndi malo kutsogolo ndi kumbuyo amene woyendetsa saona. Mwana wanu woyamba, amene akuthamangathamanga pabwalo, ndi wamfupi kuposa boneti ya magalimoto amenewa. Musanabwerere chambuyo pakhomo muzidziwa kaye kuti ali kuti, kamera ikhalepo kapena ayi. Ndipo misewu yathu ndi yodzaza ndi oyenda pansi, a njinga ndi ana asukulu, omwe boneti yaitali imawagunda pachifuwa osati m'miyendo. Chimene chimateteza kwambiri mwana wanu ndi mpando wake womangidwa bwino kumbuyo. Zimandiwawa ndikaona galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri khanda lili pamiyendo ya mayi kutsogolo, pamaso pa airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma mwamphamvu pangozi. Malamulo a ku Ulaya a mipando yatsopano amati khanda liziyang'ana kumbuyo mpaka miyezi 15, ndipo mpando wotero suikidwa kutsogolo airbag ili yoyaka.

Tsono yankho. Pa ziwiri mwatchulazo, ine sindingagule iliyonse pokhapokha mutakhala ndi ndalama yapadera yokonzera yosakhudza chakudya ndi sukulu, makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera mtundu umenewo, ndi galimoto ina yaing'ono pakhomo. Ngati mukufuna yooneka bwino koma yosavuta masipeya, onani Toyota Harrier kapena Lexus RX. Ngati kumudzi kwanu msewu ndi woipa kwenikweni, Prado kapena Fortuner, yomwe imapangidwa ku Durban pa chimango cha Hilux ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Ngati mukufunabe kumva msewu m'manja, yesani Subaru Forester kapena Mazda CX-5. Ine ndinathera pa Forester. Musanalipire, tengani mipando iwiri ya ana mukaiike m'galimoto yofanana nayo, muone ngati pakati patsala malo a apongozi kapena wolera ana, ndipo mayi akunyumba aiyendetse okha, chifukwa masiku ambiri adzakhala pachiwongolero ndi iwowo.