Kwa achemwali aku Mpondasi ofuna series yoseketsa yoonera banja lonse

Achemwali ndaona funso lanu lija, kuti mukufuna series yoseketsa yoti muzionera madzulo pakhomo koma anthu ake ndi osankha zedi. Mwati apongozi anu safuna zotukwana kapena zopsopsonana, bambo akunyumba angobwera kumene kuchokera ku Joni ndiye chilichonse akumati n'chachibwana, alamu anu aku sekondale amadana ndi zija mumangomva anthu osaoneka akuseka kumbuyo, pomwe ana chizungu chothamanga chimawadutsa. Anzathu ena amene akuyankhani atchula kale mayina ambiri a ma series koma ine ndikuona kuti tikungoponya mayina osaganiza kuti pabalazapo pakhala ndani.

Ine ndinena imodzi kaye ndipo ndiima nayo, Everybody Hates Chris. Ndi ya ku America, inayamba 2005 n'kutha 2009, ma season ndi 4 ndipo episode iliyonse simakwana mphindi 25, ndiye ngakhale magetsi akuvuta mumamaliza imodzi. Nkhani yake ndi ubwana wa Chris Rock uja wanthabwala, akukulira ku Brooklyn zaka za m'ma 1980, ndipo amene amafotokoza nkhaniyo ndi mwini wakeyo. Chimene ndikuikondera kwa inu n'choti kuseka kwake sikudalira mawu achizungu okhaokha ayi, kwagona pa zinthu zimene nyumba iliyonse kuno ikuzidziwa. Bambo wa m'nyumbamo Julius, amene amasewera ndi Terry Crews, amagwira ntchito ziwiri ndipo mtengo wa chinthu chilichonse ali nawo m'mutu, mwana akangotaya mkaka patebulo iye amatchula pompo kuti ndalama zatayika ndi zingati, nyali ikangoyaka popanda munthu amathamangira kukazimitsa. Tandiuzeni, ndani mwa ife sanakule ndi bambo kapena amalume owerengera masupuni a shuga? Mayi ake Rochelle nawo ndi aja osafuna kunyozeka, akangoyambana ndi abwana kuntchito amasiya pompo n'kumauza aliyense kuti mwamuna wawo ali ndi ntchito ziwiri, ndipo akakuwa ana onse amakhala chete. Chris ndi woyamba kubadwa ndiye mlandu uliwonse umagwera iye, mng'ono wake Drew ndi wamtali komanso wokondedwa kuposa iye, kamlongo kake Tonya kamanama dala kuti mkulu wake akalipiridwe. Ana anu azidziona okha mmenemo ngakhale mawu ena asawamve.

Alamu anu asadandaule, mulibe zoseka za kumbuyo zija. Bambo akunyumba ndikukhulupirira adzakhala pansi chifukwa cha Julius, munthu amene wavutikira ndalama kunja amamumvetsa bambo ameneyu msanga kuposa tonsefe. Chokuchenjezani n'choti Chris amaphunzira sukulu ya azungu okhaokha ndiye nkhani za tsankho zimatuluka kawirikawiri, pali kamnyamata kamene kamamuzunza ndi kumutchula mayina, komanso akamakula ma season akumapeto nkhani za atsikana zimayamba kulowa. Si zoti apongozi angadzuke n'kutuluka, koma ndi bwino mudziwiretu.

Tsopano za apongozi. Ngati chizungu sachimva kwenikweni musawakakamize kukhala chete mphindi 20 ena akuseka, zimapweteka mtima zimenezo, munthu amayamba kudziona ngati mlendo m'nyumba ya mwana wake. Tsiku lina muziwaikira zawo. Izeki ndi Jakobo ndi oyamba, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, nthabwala zawo zina zilipo pa YouTube ndipo ngakhale zithunzi zake ndi zakale mawu amamveka bwinobwino. Si series yotsatana ayi, ndi timasewero tapatokha, koma ubwino wake ndi womwewo, mukhoza kuyambira paliponse. Tikuferanji ya Manganya, a Michael Usi aja, nayo anthu akuluakulu amaikonda chifukwa imaseketsa uku ikunena zinthu zimene zikuchitika m'mudzi ndi m'tauni, kungoti nthawi zina imakhala yophunzitsa kwambiri ndiye alamu anu mwina aziyang'ana pa foni. Asiyeni, tsiku limenelo ndi la agogo.

Mr Bean ambiri amutchula ndipo sindikutsutsa, Rowan Atkinson salankhula kwenikweni ndiye agogo ndi mdzukulu amasekera pamodzi. Vuto ndi loti ma episode ake enieni ndi 15 okha, kuyambira 1990 mpaka 1995, sabata ziwiri mwamaliza, ndipo bambo akunyumba mwanena kale kuti zachibwana sakuzifuna. Musungeni wa tsiku loti kwabwera alendo ndi ana ambiri.

Kwa bambowo pawokha, afunseni ngati ku Joni anaonerako Emzini Wezinsizwa ya pa SABC1. Ndi ya azibambo okhala m'chipinda chimodzi ku hostel, Room 8, anasiya mabanja kumudzi kudzasaka ndalama m'tauni, ndiye amakanganirana chakudya, ngongole, alendo, chilichonse. Amalankhula Chizulu, Chixhosa ndi Chisutu, ndiye ngati anatolako chilankhulo kumeneko adzakhala iwo omasulira, ndipo ndaona kuti azibambo amene amati sakonda TV akapatsidwa udindo wofotokozera ena amasintha, amayamba kuitana okha kuti bwerani yayamba. Kuno ku Mangochi nyumba zambiri zili ndi wina amene ali ku Joni kapena anabwerako, moyo wa m'chipinda chimodzi anthu asanu si nkhani yachilendo kwa ife.

Pali ziwiri zimene zatchulidwa zomwe ine ndinganene kuti muyambe mwaganiza. Mind Your Language, ya ku Britain ija ya 1977 ya aphunzitsi a Brown ndi kalasi ya anthu ochokera mayiko osiyanasiyana, ambiri tinakula nayo ndipo chizungu chake ndi chosavuta. Koma nthabwala zake zambiri ndi zoseka mitundu ya anthu, ndipo Ali yemwe ndi Msilamu ndi Ranjeet yemwe ndi wachi Sikh amangokhalira kunyozana za chipembedzo. Kwathu kuno Asilamu ndi Akhristu timakwatirana, timadyera mbale imodzi pa Eid ndi pa Khirisimasi, ine sindingakonde kuti ana atengere mawu amenewo kukawanena kusukulu. Mulinso zoseka za kumbuyo zomwe alamu anu sazifuna. Ina ndi The Office, ndi yabwino ndithu kwa amene anagwirapo ntchito mu ofesi koma kuseka kwake ndi kwa manyazi, bwana amalankhula zinthu zosayenera anthu n'kungoti duu kumuyang'ana, ndipo zina mwa zomwe amanenazo simungazimvere limodzi ndi apongozi. Imeneyo muzionera awiri ana akagona.

Alamu anu akafuna yatsopano apezereni Abbott Elementary, inayamba 2021, ndi ya aphunzitsi a pa pulayimale ya boma ku Philadelphia komwe zipangizo ndi zosowa ndipo aphunzitsi amachita kudzipezera okha. Aliyense amene anaphunzirapo pansi pa mtengo kapena kukhala anthu anayi pa desiki imodzi adzaimva. Koma chizungu chake ndi chothamanga ndipo muli nthabwala zina za akuluakulu, ndiye si ya pabalaza ponse.

Kapezedwe ka Everybody Hates Chris, musathere bandulo kudawuniloda season yonse musanadziwe ngati anthu aikonda. Pitani ndi fulashi kwa anyamata oika mafilimu aja pa boma, muwauze akuikireni ma episode atatu oyamba okha, ndipo muwauze ayese pa kompyuta pomwepo muone ngati mawu akumveka komanso ngati ma subtitle alipo, chifukwa kwa ana ndi alamu ma subtitle amathandiza kwambiri, amamva uku akuwerenga. Mufunsenso ngati ndi yoyambirira kapena ndi yomasuliridwa m'Chichewa, poti omasulira ena amaonjezera mawu awo olaula amene mu filimu mwenimwenimo mulibe, ndiye mukhoza kuchita manyazi pamaso pa apongozi ndi chinthu chimene mumayesa chabwino. Episode yoyamba muionere nokha masana pa foni musanaike pa TV.

Chinanso musalengeze kuti lero ndabweretsa yoseketsa kwambiri, anthu osankha akamva choncho amakhala pansi atakonzeka kale kuti asaseke. Ingoiyatsani nthawi ija nsima yatsala pang'ono kupsa, kunja kukadali kotentha aliyense ali pakhonde kapena pafupi ndi fani, muwasiye abwere okha. Akapanda kuseka tsiku loyamba musasinthe msanga, mupatseni Julius mpata mpaka episode yachitatu kuti bambo akunyumba amuzolowere. Mukayesa mudzatiuze kuti apongozi anati chiyani za Rochelle, ndikufuna kumva ndithu.