Wofufuza mumutume kumene mapepala safika

Achimwene, mwati mukufuna kugula gawo m'kampani ya malole ya ku Chinika mu Lusaka, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kulemba ntchito wofufuza woima payekha musanatulutse ndalama. Mulembeni ndithu, koma asakhale woyamba.

Yambani ndi zimene inu ndi loya wanu mungaone nokha. Ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, mukalipira ndalama yochepa amakupatsani mbiri ya kampani: tsiku lomwe inalembetsedwa, madairekitala ake, eni masheya, ndiponso ngati imapereka malipoti a chaka ndi chaka. Lamulo la makampani la 2017 limalamula kuti aululenso mwini weniweni, osati msuweni wongobwereketsa dzina. Komwekonso kuli kaundula wa katundu wa chikole, wokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, ndipo m'menemo mudzaona ngati malolewo banki inawagwira kale. Tax clearance ya ZRA (kalata ya bungwe la misonkho yosonyeza kuti amalipira misonkho) ndi kalata ya NAPSA (bungwe la penshoni) eni kampaniwo akupatseni okha. Manambala a pa white book, chikalata cha umwini wa galimoto, mukawatsimikize ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto. Akayamba kuzengereza pa zimenezi, bwezani phazi.

Zikatha izi, apo ndiye pa wofufuza. Pepala lidzakuuzani kuti lole ilipo, koma silinena ngati ikuyenda kapena yagona pa matabwa popanda injini. Mlamu wanga anapsa nazo. Tsiku lokaona, pabwalo panali malole asanu ndi limodzi otsukidwa bwino, iye n'kupereka ndalama zake za penshoni. Patapita miyezi anadzamva kuti anayi anali obwereka kwa oyandikana nawo, a tsiku limenelo lokha. Chinali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mtima umandiwawabe, chifukwa mlonda wa pageti ankadziwa zonse, kungoti palibe anamufunsa.

Ntchito ya wofufuza ndi imeneyo. Afike pabwalo m'bandakucha, tsiku lomwe sakuyembekezera mlendo, awerenge malole otuluka. Acheze ndi madalaivala amene anasiya ntchito, amve ngati malipiro ankabwera pa nthawi yake. Afunse ogulitsa dizilo ndi matayala ngati akuwadandaula ngongole. Ngati akuti amanyamula katundu wa ku Nakonde kapena Chirundu, atsimikize kuti kasitomalayo alikodi. Akayang'anenso ku High Court ngati madairekitalawo ali ndi milandu ya ngongole, ngakhale pa makampani ena omwe anatseka kale.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: wofufuza akakuuzani kuti ali ndi munthu ku banki kapena ku kampani ya mafoni amene angamutulutsire masitetimenti ndi mndandanda wa omwe munthu amaimbira, musamulembe. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2021, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo inu omutumanu mukhoza kulowa nawo m'mlandu. Munthu wogula zinsinsi za ena mawa adzagulitsa zanu.

Ndiye mgwirizano wanu ukhale wolembedwa, makamaka kudzera kwa loya. Mulembemo mafunso omwe mukufuna mayankho ake, masiku a ntchitoyo ndi mtengo wake. Perekani theka poyamba, lotsalalo lipoti likabwera. Mu lipotimo asiyanitse zimene waona ndi maso ndi zimene wangomva, pakuti wantchito wochotsedwa nthawi zina amalankhula ndi mkwiyo. Mabuku a ndalama musamupatse iye, amenewo apite kwa akauntanti wolembetsedwa ku ZICA, bungwe la akauntanti la ku Zambia.

Eni kampaniwo akakuumirizani kuti pali wina akufuna kugula Lachisanu, auzeni kuti mukudikira lipoti.